OpenRefine pokonza makeyala m'makaundula a Dedza ndi Ntcheu: imagwira ntchito, koma midzi siidziwa

Kaundula wa mijigo, wa sukulu kapena wa ogulitsa zipangizo zaulimi akadutsa m'manja mwa anthu khumi n'kudzakumana pa kompyuta imodzi ku khonsolo, gawo limene limabwera litasokonekera kwambiri ndi la malo. Wina walemba "T/A Kamenyagwaza", wina "TA Kamenya Gwaza", wina "Kamenyagwaza T.A.", winanso wangoti "Bembeke" poti aliyense akudziwa kuti Bembeke ali kwa Kamenyagwaza. Munthu akuona dera limodzi, kompyuta ikuona madera anayi. Mukawerengetsa mijigo ya dera la mfumu iliyonse, chiwerengero chimagawikana panayi, ndipo bungwe limene latenga fayiloyo kuti liiphatikize ndi yake ya zipatala limapeza kuti mizere yambiri sikugwirana.

OpenRefine ndi pulogalamu yaulere yopangidwira ntchito yotere. Kale inkatchedwa Google Refine, ndipo Google itasiya kuithandiza mu 2012 idapitirira m'manja mwa anthu odzipereka. Maganizo athu pa iyo ndi awa: posonkhanitsa kalembedwe kosiyanasiyana ka dzina limodzi, imaposa Excel kutali. Koma njira zake zofananizira mayina zidapangidwa poganizira zilankhulo za ku Ulaya, ndipo mukazisiya momwe zidabwerera zimaphonya zolakwika zimene ife timachita kwambiri, kwinaku zikufuna kuphatikiza malo amene ndi osiyana. Ili ngati lichero: imapeta, koma wodziwa kuti iyi ndi mbewu awa ndi mankhusu ayenera kukhala pomwepo.

Kuiika pa laputopu n'kosavuta. Mumaitsitsa kamodzi, ndipo ya Windows ilipo yobwera ndi Java yake. Mukaitsegula imaonekera mu Chrome kapena Firefox pa adiresi ya 127.0.0.1:3333, zimene zimapangitsa ena kuganiza kuti ikudya bandulo. Siidya. Zonse zimachitikira pa laputopu yanuyo, ndipo fayilo siituluka kupita kwina. Kawindo kakuda kamene kamatseguka nayo musakatseke, chifukwa ndiko kakuyendetsa pulogalamuyo. Imasunga yokha ntchito mphindi zisanu zilizonse, choncho magetsi akazima pa kompyuta yopanda batire mumataya zochepa. Mabatani ake ali m'Chingerezi, Chichewa mulibe. Fayilo ikakula n'kuyamba kulemera, onjezerani memory pa mzere wa -Xmx m'fayilo ya openrefine.l4j.ini, koma kaundula wa boma limodzi wa mizere masauzande angapo sufika pamenepo.

Zolakwika ziwiri zimalowa pakhomo penipeni, potsegula fayilo. Choyamba ndi bokosi loti pulogalamu isandutse zolemba kukhala manambala. Lisiyeni losachonga, apo ayi nambala ya foni yoyamba ndi 0 itaya ziro wake. Chachiwiri ndi encoding, njira imene kompyuta imawerengera zilembo za m'fayilo, imene iyenera kukhala UTF-8. Mukaona "Åµ" pamene payenera kukhala "ŵ", dziwani kuti fayilo idawerengedwa molakwika, ndipo ndi bwino kuitsegulanso kusiyana n'kukonza dzina limodzilimodzi. Ngati fayilo yachokera ku KoboToolbox, pulogalamu yotolera uthenga pa foni, ngati CSV, makolamu ake amalekanitsidwa ndi semicolon (;), osati comma (,), ndiye yang'anani pa chithunzi choonetsera musanapitirire. Ngati idadutsa kale mu Excel, fufuzani manambala a mapuloti: puloti 2/15 kawirikawiri imakhala itasanduka deti, ndipo OpenRefine singaibweze. Bwererani ku fomu yoyambirira.

Musanakhudze chilichonse, koperani kolamu ya keyala n'kuisiya momwe idabwerera. Tsiku lina gulupu adzatsutsa dzina limene mwasankha, ndipo kolamu imeneyo ndiyo umboni wa zimene wolemba adalemba.

Kenako keyala igawidwe. Apa m'pamene maofesi ambiri amalakwitsa, chifukwa amafuna kukongoletsa keyala yonse ili m'kabokosi kamodzi. Kwathu kuno munthu wa kumudzi sapezeka ndi dzina la msewu, amapezeka ndi mndandanda wa mafumu: boma, T/A, gulupu, mudzi. Chilichonse mwa izi chikhale ndi kolamu yake. Kolamu ina ikhale ya malo odziwika, monga "kuseri kwa chigayo" kapena "moyang'anizana ndi tchalitchi cha CCAP", ndipo imeneyo musavutike kuifananiza chifukwa ndi yothandiza woyenda pansi, osati yowerengera. Msewu ndi nambala ya nyumba, kumene zilipo, zikhale m'makolamu awiri osiyana. P.O. Box ndi Private Bag zikhale pazokha, popeza bokosi limanena kumene kalata imafikira, osati kumene chinthu chili. Sukulu ya kumudzi ikhoza kukhala ndi bokosi la pa Dedza boma pamene ili makilomita ambiri kuchoka pa tawuni, ndipo midzi yozungulira imalandirira makalata pa bokosi lomwelo.

Pulogalamuyi ili ndi batani la Split into several columns, limene limadula pa comma aliyense. Limagwira bwino ngati onse adalemba mu ndondomeko imodzi, zimene sizichitikachitika. Wina amayamba ndi mudzi, wina ndi T/A, wina sadaike comma n'komwe, ndipo mukadula mumapeza Mtakataka m'kolamu ya ma T/A. Njira yochedwerapo koma yodalirika ndi Text filter. Lembani "kachinda" kuti mizere yonse ya kwa Kachindamoto ionekere yokha, dzazani kolamu ya T/A pa mizere imeneyo, pitani pa "tambala", "kasumbu", "kaphuka", "kachere", "chauma", "chilikumw", mpaka mayina athe. Ku Ntcheu chimodzimodzi ndi Njolomole, Kwataine, Ganya, Makwangwala, Champiti, Mpando, Phambala, Chakhumbira ndi ena. Mizere yotsala yopanda T/A ndiyo ntchito yeniyeni, ndipo imeneyo imafuna munthu wodziwa kuti Mua ndi Golomoti ali kwa Kachindamoto.

Zoyeretsa wamba zili pansi pa Common transforms ndipo zimatenga mphindi imodzi: kuchotsa mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto, ndi kuphatikiza mipata iwiri kukhala umodzi. Chenjerani ndi To titlecase. Imakonza "BEMBEKE" kukhala "Bembeke", inde, koma imasandutsanso "GVH" kukhala "Gvh" ndi "CDSS" kukhala "Cdss". N'chifukwa chake mawu oti T/A, GVH ndi VH ndi bwino kuwachotseratu m'kati mwa mayina. Mutu wa kolamu wanena kale kuti awa ndi magulupu.

Mtima wa OpenRefine ndi batani la Cluster, limene limaika pamodzi mayina amene likuganiza kuti ndi amodzi n'kukufunsani kuti musankhe lolondola. Lili ndi njira zingapo, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kukumvetsa chifukwa apa m'pamene kaundula amakonzeka kapena kuonongeka.

Njira yoyamba ndi fingerprint. Imatsitsa zilembo zonse kukhala zazing'ono, imachotsa madontho ndi timizere, imasandutsa ŵ kukhala w, kenako imandandalika mawu motsatira alifabeti. Motero "T/A Kachere", "T.A. Kachere" ndi "Kachere TA" zimagwera pamodzi. Imeneyi siilakwalakwa, ndipo yambani ndi iyo nthawi zonse. Koma "Kamenya Gwaza" ndi "Kamenyagwaza" imaziphonya, popeza ikuona mawu awiri kwina, limodzi kwina. Pamenepo sinthani kupita ku n-gram fingerprint, imene imachotsa mipata yonse isanafananize. Isiyeni pa 2. Mukaitsitsa pa 1 imangoona ngati zilembo zake ndi zomwezo mosasamala ndondomeko, ndipo imayamba kukwatitsa mayina osadziwana.

Njira zomvera kamvekedwe ka mawu, metaphone3 ndi cologne-phonetic, zisiyeni. Yoyamba ndi ya Chingerezi, yachiwiri ya Chijeremani. Metaphone ikaona "ph" imawerenga "f", choncho Phambala ndi Kaphuka imazimva mwa mtundu wina, ndipo wolemba "Kapuka" poiwala h samugwira, pamene kuiwala h ndi cholakwika cha tsiku ndi tsiku m'makaundula athu. Imanyalanyazanso mavawelo a m'kati mwa mawu, pamene m'mayina a midzi yathu vawelo limodzi likhoza kusiyanitsa mudzi uno ndi wa kutsidya kwa mtsinje.

Njira ya Levenshtein imawerenga kuti ndi zilembo zingati zofunika kusintha kuti dzina ili lifanane ndi ilo. Ndi yothandiza, koma ili ndi msampha umene anthu ambiri sauona. Pambali pa Radius, yonena kuti zilembo zosiyana zisapitirire zingati, pali bokosi la Block chars, lobwera lili pa 6. Tanthauzo lake n'lakuti pulogalamu imafananiza mayina okhawo amene ali ndi zilembo 6 zotsatizana zofanana. "Ntcheu" ndi "Ncheu", kalembedwe kakale kamene kakupezekabe pa mapu ndi m'makalata akale, amasiyana chilembo chimodzi chokha, koma zofanana motsatizana ndi zinayi basi, ndiye sayesedwa n'komwe. Mayina afupi ngati Lobi, Thete, Bawi, Mua ndi Ganya onse amadumphidwa. Tsitsani Block chars kufika pa 3 ndipo muona magulu atsopano akutuluka. Ikhala ikuchedwerapo, koma pa kaundula wa boma limodzi kuchedwako n'kochepa.

Mukatero, tsegulani maso pa manambala. Linthipe 1 ndi Linthipe 3 pa msewu wa M1 ndi malo awiri, koma kwa Levenshtein amasiyana chilembo chimodzi, ndiye adzawaika m'gulu limodzi. Midzi imene idagawikana pamene ufumu wina udakwezedwa imakhala ndi 1 ndi 2, kapena I ndi II, kapena A ndi B, ndipo wodina Select all mothamanga amafufuta mudzi wathunthu m'kaundula popanda uthenga uliwonse womuchenjeza. Pa njira imeneyi gulu lililonse lionedwe palokha. Gwirizananinso kuti muzilemba 1 ndi 2 basi, chifukwa "II" amawerengedwa ngati 11 kapena ngati ma L awiri.

Chimene pulogalamuyi siigwira bwino ndi l ndi r. Biriwiri, Biliwiri ndi Biliwili. Khwekhwerere ndi Khwekhwelere. Lamulo la kalembedwe ka Chichewa limaika r pambuyo pa i ndi e, koma mayina a malo salitsatira nthawi zonse, ndipo alembi amalemba monga akumvera. Palinso m ndi n woyamba, monga Mtakataka ndi Ntakataka, ndi w wolowa pakati pa mavawelo, monga Chauma ndi Chawuma. Yankho la l ndi r ndi kupanga kolamu yothandizira kudzera pa Add column based on this column, ndi mawu awa: value.toLowercase().replace("ŵ","w").replace("r","l").replace(/[^a-z0-9]/,""). Kolamu imeneyi si yofalitsa. Mumaigwiritsa ntchito poika Text facet kuti muone mayina amene agwera pa kiyi imodzi, kenako mumakonza dzina lenileni m'kolamu yake. Ndi ntchito ya mphindi zochepa imene imagwira zambiri kuposa njira zonse za kamvekedwe zija.

Funso limene OpenRefine singayankhe ndi lakuti dzina lolondola ndi liti. Imaika patsogolo limene lalembedwa kambiri, ndipo kuchuluka si kulondola: mlembi mmodzi wakhama amene adalemba mizere 400 molakwika amaposa alembi asanu olemba bwino. Pafunika mndandanda umodzi wovomerezeka. Wa maboma ndi ma T/A, tengani wa ofesi ya kalembera ya NSO ku Zomba, umene udagwiritsidwa ntchito pa kalembera wa 2018 amene adapeza anthu 830,512 ku Dedza ndi 659,608 ku Ntcheu. Malire ake ndi makodi ake amapezekanso pa HDX, tsamba la pa intaneti la deta ya mabungwe othandiza anthu, pamene Dedza ndi MW208 ndipo Ntcheu ndi MW209, ma T/A n'kumawonjezera manambala awiri kumapeto. Wa magulupu ndi midzi, woyenera kuutsatira ndi wa ku ofesi ya bwanamkubwa, ndipo lembani deti limene mudautenga chifukwa maufumu amakwezedwa ndipo mndandanda umasintha.

Kodi ndiyo imagwirizanitsa mafayilo, dzina ndi la munthu wowerenga. Kachere ndi T/A ku Dedza, komanso ndi dera la mumzinda wa Blantyre. Masasa ndi T/A ku Ntcheu, komanso ndi dera la mu Mzuzu. Fayilo ikatuluka m'boma lanu n'kukaphatikizidwa ndi za maboma ena, dzina lokha silikwanira. Koma makodi nawo alipo a mitundu ingapo, ndipo asasakanizidwe m'kolamu imodzi. Anthu amalemba DZ ndi NU potengera manambala a galimoto. Pa ndondomeko ya padziko lonse ya ISO, Dedza ndi MW-DE, Ntcheu ndi MW-NU, ndipo Ntchisi ndi MW-NI, zimene zimasokoneza wothamanga. Mapositikodi a pansi pa MACRA ali ndi manambala asanu ndi limodzi, yoyamba ikuimira chigawo, ndipo kaikidwe kake si kofanana ndi ka NSO: 207 kwa NSO ndi Mchinji, pamene mapositikodi oyamba ndi 207 ndi a mumzinda wa Lilongwe. Mutu wa kolamu uzinena kuti kodiyo ndi ya ndani.

Kulumikiza kaundula wanu ndi mndandanda wovomerezeka kumachitika ndi cross. Mumatsegula mndandandawo ngati projekiti yachiwiri, kenako m'kaundula wanu mumalemba cell.cross("NSO","dzina")[0].cells["kodi"].value. Imagwira pokhapokha mayina afanane ndendende, choncho ichitidwe kumapeto. Vuto lake lili pa [0] ameneyo: amatenga dzina loyamba kupezeka n'kukhala chete za enawo. Pa ma T/A a boma limodzi palibe choopsa. Pa midzi, kumene dzina limodzi limapezeka kwa magulupu angapo, mudzapatsa mjigo kodi ya mudzi wina. Yambani mwawerengetsa ndi cell.cross("NSO","dzina").length(). Ziro akutanthauza kuti dzina silikupezeka, 1 ndi bwino, 2 kapena kuposa ndiye kuti mulumikize pa kiyi yophatikiza T/A, gulupu ndi mudzi, osati mudzi wokha.

Pa manambala a GPS, pulogalamuyi imathandiza theka. Mapu ilibe. Chimene ili nacho ndi Numeric facet, imene imakwana kugwira zolakwika zazikulu mukasandutsa makolamu awiriwo kukhala manambala. Chilichonse cha ku Dedza ndi Ntcheu chiyenera kugwera pakati pa -13.5 ndi -15.5 pa latitude, ndi pakati pa 33.5 ndi 35.2 pa longitude. Woiwala kamzere ka minus amatumiza sukulu ku Sudan. Wosinthanitsa makolamu amaiponya m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Morocco. Manambala akuluakulu a mamiliyoni ndi a UTM zone 36S, njira yolozera malo m'mamita, ofunika kuwatembenuza mu pulogalamu ya mapu ya QGIS, ndipo ngati adachokera pa mapu akale a Arc 1950 adzasiyana ndi a foni, amene ndi WGS84, mokwanira kusamutsa mjigo kuuika kutsidya kwa msewu. Sungani manambala asanu pambuyo pa dontho, amene amalozera malo mpaka pafupifupi mita imodzi. Anayi ndi mamita 11, atatu ndi mamita 110, awiri ndi kupitirira kilomita. Kwina izi sizingaoneke, koma pa Lizulu, pa Tsangano turn-off ndi pa Biriwiri, pamene msewu wa M1 ukuyenda m'malire, kudula manambala kumaika chipatala cha ku Malawi m'dziko la Mozambique. Cholakwika chimenechi OpenRefine siichiona chifukwa manambala ake ali m'kati mwa malire a latitude ndi longitude tatchula aja. Chimaoneka pokhapokha malowo ataikidwa pa mapu.

Ngati zina mwa izi mukufuna kuzilowetsa mu OpenStreetMap, mapu a pa intaneti olembedwa ndi anthu odzipereka, kugawa makolamu kuja kumalipira apa. Nyumba ya pa msewu wokhala ndi dzina imatenga addr:street ndi addr:housenumber. Ya kumudzi kopanda dzina la msewu imatenga addr:place. Kuika dzina la mudzi pa addr:street n'kulakwitsa, chifukwa mapulogalamu ofufuza keyala amakasaka msewu umene kulibe.

Chinthu chimene timachiyamikira kwambiri pa pulogalamuyi ndi Undo / Redo. Imakumbukira sitepe iliyonse ngakhale mutatseka laputopu, ndipo mukhoza kubwerera pomwe mudalakwitsa. Kuposa apo, batani la Extract limatulutsa masitepewo, kupatula zokonza pamanja pa kabokosi kamodzikamodzi, ngati fayilo ya JSON, ndipo kaundula wa kotala yotsatira akabwera ndi makolamu a mayina omwewo, mumangodina Apply n'kuona zokonza zakale zikuchitika zokha. Zotsala ndi zolakwika zatsopano basi. Fayilo imeneyi ikhoza kuperekedwanso kwa anzanu a ku ofesi ya zaumoyo kapena ya maphunziro kuti nonse mulembe Kamenyagwaza mofanana. Mbiri yomweyi ili ndi mbali yake yoopsa. Mukatumiza projekiti yonse kudzera pa Export project, makolamu amene mudafufuta, monga mayina a eni nyumba ndi manambala a foni, amapita nawo, ndipo wolandira akhoza kuwabweza ndi Undo. Lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024 silingakumvereni chisoni poti simudadziwe. Chofalitsa chitulutsidwe ndi Custom tabular exporter, posankha makolamu amodziamodzi, ndipo GPS ya pakhomo pa munthu isakhalemo. Ya mjigo, sukulu ndi msika ilibe vuto.

Zofooka zina ndi zoti anthu awiri sangagwire bwino fayilo imodzi nthawi imodzi ngati pa Google Sheets, ndiponso si pulogalamu yolowetsera deta yatsopano. Munthu wozolowera Excel amafunika tsiku limodzi kapena awiri kuti azolowere ma facet, ndipo cross imafuna wina womuonetsa koyamba.

Ndi yoyenera kwa ofesala wa deta ku khonsolo, kwa bungwe limene lalandira makaundula akale a zaka zingapo, ndi kwa aliyense wophatikiza mafayilo a maofesi osiyana. Kwa amene akuyamba kumene kutolera uthenga, ntchito yambiri tafotokozayi ikhoza kupewedwa pa fomu. Mu KoboToolbox, boma, T/A, gulupu ndi mudzi zikhale zosankha pa mndandanda, zolumikizidwa ndi choice_filter kuti wosankha Mpando aziona magulupu a kwa Mpando okha, ndipo chosungidwa chikhale kodi, dzina n'kumangoonekera pa foni. Siyani mpata umodzi wa "mudzi wina" wolemba pamanja, chifukwa mlangizi akapanda kuupeza mudzi pa mndandanda amasankha woyandikana nawo kuti fomu ipite, ndipo cholakwika chotero palibe pulogalamu ingachigwire. Mayina olembedwa pa mpata umenewo ndiwo okhawo amene adzafunika kudutsa mu OpenRefine, kenako kupita nawo ku ofesi ya bwanamkubwa kukatsimikiza ngati ndi mudzi watsopano kapena dzina lachiwiri la mudzi wakale.